Atambala a Meja Asambe Okha

Nkhaniyo Khamphan anaimvera m'galimoto, ali kale pa ulendo wopita ku maere a usilikali, ndipo palibe amene anachita kumuuza. Inangogwa yokha pakati pa nkhani za kutentha ndi za mtengo wa chinangwa.

"Ndiye ukalowa usakachite zozungulirazungulira," anatero Sajeni Sawat, dzanja limodzi pa chiwongolero, maso pa kagalasi koonera kumbuyo. "Akangomaliza kukuyeza chifuwa, upite molunjika pa tebulo la asilikali apamtunda, ukalembetse wekha. Zotsalazo a Meja akuzidziwa."

Ton, amene ankauzidwa zimenezi, anakhala kumbuyo pambali pa mayi ake, mawondo atapanikizika ndi dengu la mpunga womata. Anangoti, "Ndamva, bambo aakulu."

"A Meja ake ati?" anafunsa Khamphan.

Sajeni anamuyang'ana cham'mbali ngati wafunsa kumene dzuwa limatulukira. Bamboyu anali mkulu wawo wa malemu bambo a Ton. Usilikali anapuma kalekale, koma udindowo unamukakamira ngati fungo la fodya, moti ngakhale amonke a kukachisi ankamuitana Sajeni.

"A Meja a pa kampu yathu yomweyi, alamu. Munthu wabwino kwambiri. Mwanayu akangomaliza maphunziro oyamba aja, amutenga azikakhala kunyumba kwawo. Kutchire sagonako, kumalire sapondako, Loweruka lililonse ali pakhomo kudya mapapaya osinja a mayi ake. Anthu amachita kugwada kuti apeze malo amenewo. Ine ndinangopita kamodzi."

"Kunyumbako azikachita chiyani?"

"Timantchito."

"Timantchito tanji?"

"A Meja ali ndi atambala andewu," anayankha mayi a Ton, Lamduan, kumbuyoko. Anali mlongo wake wa Khamphan, wamng'ono kwa iye, ndipo ankayankhula ngati akutseka chitseko. "Mnyamata amene amawasamalira watsala pang'ono kumaliza."

Khamphan nayenso anakhalapo msilikali wapamtunda. Pa maere anatola khadi lofiira m'holo yomweyo imene ankapitayi, amayi ake n'kukomoka panja, ndipo kwa zaka ziwiri anatumikira dziko lake posambitsa agalu atatu a mkazi wa bwana wina. Mfuti anaigwira pa maphunziro pokha. Pambuyo pake zida zake zinali simbi, tsache ndi chikwanje chodulira kapinga. Ankayanika zovala zamkati za dona kuseri kwa nyumba, ankaperekera alendo madzi akuyenda chogwada, ndipo galu wamkulu atatsegula m'mimba, iye ndi amene anagona pakhonde kulipira mlanduwo. Kumudzi chithunzi chake cha yunifolomu yobiriwira chinali pakhoma, ndipo amayi ake ankachionetsa kwa aliyense wobwera kudzagula mazira. Iye sanawauzepo zoona zake. Atangomasulidwa anayamba kusakasaka njira yotulukira m'dzikomo, ndipo anaipeza.

Ku Sweden anakhalako zaka pafupifupi makumi atatu, akuyendetsa basi ndi kuwerenga chilichonse chimene laibulale ya mumzindamo inali nacho. Tsopano anabwera kudzaona mudzi wake, koma sanaupeze. Njati zolimira kunalibe. Dziwe limene anaphunziriramo kusambira analikwirira n'kumangapo malo omwetsera mafuta. Mitengo ya bwemba ya m'mbali mwa msewu anaidula kuti malole a nzimbe azipatukana bwino, ndipo kachisi anamumata matailosi onyezimira ngati bafa la hotelo. Chilichonse chimene anachisowa m'chisanu muja chinapita. Chimene anathawa chokha ndicho chinamudikira, chathanzi bwinobwino, ndipo lero chinali kutumiza dzanja kwa mwana wa mlongo wake.

"Ndamva kuti apamadzi akufunanso anthu chaka chino," anatero Ton, mawu ali pansi, akuyang'ana pawindo.

Sajeni anaseka mpaka galimoto inakhotera kumbali.

"Apamadzi! Mwana wa kuno ku Roi Et! Iwe madzi amene ukuwadziwa ndi a mundowa. Ukavale zoyera ngati wogulitsa ayisikilimu, ndi kachipewa ka michira iwiri kumbuyo? Agogo ako anali apamtunda, ine wapamtunda, malume ako awa, mzungu wathuyu, wapamtunda. Eti alamu? Pamtundu pathu nsomba palibe."

"Kumadzi n'kutali," anatero Lamduan. "Basi yake ndi ya tsiku lathunthu. Nkhani imeneyo tinatseka."

Khamphan anamva bwino chimene mnyamatayo ankanena. Dzanja la Meja wapamtunda ndi lalitali, limafika m'kampu iliyonse ya zobiriwira n'kutolamo mwana amene likumufuna. Koma pa chipata cha apamadzi limathera pomwepo.

Holo ya boma inali itadzaza kale. Anyamata onse a m'derali amene anakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi anakhala pansi pa simenti m'mizere, malaya atavula, aliyense ndi nambala yake yolembedwa ndi inki pa mkono. Panja panali chingwe, ndipo kuseri kwa chingwe kunali amayi awo, agogo awo, zibwenzi zawo, ogulitsa nkhuku zootcha ndi ogulitsa madzi oundana. Ana a madokotala ndi a eni sitolo za golide kunalibe. Amenewo anaguba ngati asilikali timasana tingapo ku sekondale zawo zabwino, boma n'kuwakhululukira. Khamphan anawerengapo mabuku ambiri onena za maufumu amene anagwa, ndipo m'mabuku onsewo amene ankakhala pansi chovula malaya anali ana a alimi a mpunga.

Lamulo silinasinthe. Wodzipereka yekha m'mawa amasankha gulu limene akufuna, ndipo ngati ali ndi satifiketi ya sekondale, monga Ton, amagwira chaka chimodzi. Wodikira masana amapisa dzanja m'chitini: khadi lakuda, bwerera kwanu, lofiira, zaka ziwiri kumene khadilo lanena. Kutsogolo kunali matebulo atatu. Pa lalikulu panali a zobiriwira, pa lina a ndege, ndipo pa lakumapeto, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, panakhala bambo wonenepa wa zoyera, akudzipepesera mphepo ndi chikatoni.

Sajeni anapita kukagwirana chanza ndi anzake akale a pa chipata. Lamduan anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa kamtondo. Khamphan anagula botolo la madzi, anatsata chingwe mpaka pamene mzere wa Ton unathera.

"Iwe, tamwa madzi."

Ton anasendera chokhala pansi. Anali atayezedwa kale msinkhu ndi chifuwa, ndipo thukuta linali litayamba kusungunula nambala ya pa mkono.

"Kunyumba kwa Mejayo unafikako?"

"Bambo aakulu ananditengerako, akuti ndikapereke moni."

"Ndiye?"

"Adona anandiuza kuti nditambasule manja. Anayang'ana zikhadabo. Akuti atambala safuna munthu wa zikhadabo zazitali." Ton anamwa madzi. "Mmene amawasambitsira mukudziwa, malume? Kansalu, madzi ofunda owiritsa ndi masamba. Nthenga imodzimodzi, m'khwapa, pansi pa khosi. Ukatero uwaimike padzuwa, uziwayang'anira. Amene ali kumeneko pano ndi Wit, tinali kalasi imodzi. Mpanda wake ndi wawaya, uli mumsewu weniweni wopita kumsika. Ana asukulu akamadutsa amamuchitira saluti. Amamutcha Kaputeni Kokoliko."

"Nanga iye amati chiyani?"

"Amabweza salutiyo. Atani nanga?"

Khamphan anagwira chingwe mwamphamvu mpaka chinamudya m'manja.

"Tebulo lija la kuchimbudzi ukuliona?"

"Ndaliyang'ana kuyambira m'mawa. Malo atsala awiri." Ton anacheukira kumtengo wa mango. "Koma amayi."

"Amayi ako ndiyankhula nawo ine."

Mnyamatayo anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa, nsapato zachikopa za ku Ulaya zimene zinali zitayera kale ndi fumbi.

"Inuyo?" anatero.

Khamphan atafika pamphasa, Lamduan sanadzutse mutu. Ankasinja tsabola ndi adyo, ndipo munsi unkagunda mwamphamvu kuposa mmene tsabola amafunira.

"Mumamuuza chiyani mwana?"

"Ndimamupatsa madzi."

"Madzi ochedwa kumweka bwanji."

Khamphan anakhala pansi movutikira, mawondo ake atazolowera mipando.

"Lamduan, mwana ameneyu ukumupereka kukakhala wantchito wa nkhuku."

"Ndikumupereka kukakhala pafupi."

"Wantchito wosalipidwa, wosatha kusiya ntchito, wovala yunifolomu ya dziko. Kumene ndikuchokera bwana wotero angatuluke m'nyuzi, mawa lake ntchito yatha."

"Kumene mukuchokera," anatero Lamduan, n'kuthira nsomba zovunditsa mumtondo. "Kuyambira tsiku limene munatsika basi, kumene mukuchokera, kumene mukuchokera. Madzi athu akununkha, msewu wathu ngoipa, kachisi wathu ndi bafa. Tamva, achimwene. Pepani kuti sitinakusungireni njati."

Amayi a pamphasa yoyandikana anasiya kusenda mango. Sajeni nayenso anali atabwerera, ndodo ya nkhuku yootcha ili m'manja.

"Kwagwanji kuno? Mzungu wathu watentha?"

"Alamu," anatero Khamphan, "inu munali sajeni. Tandiuzani, tambala akapambana ndewu, mendulo amapatsa ndani? Tambala kapena msilikali?"

"Aaa, alamu, musatero. Usilikali ndi kumvera. Wina amagwira mfuti, wina amagwira tsache, onse akutumikira dziko."

"Dziko lake liti? Lija lili ndi lipombo pamutu?"

Wina anaseka pamphasa ina. Nkhope ya Sajeni inada.

"Inu mwangobwera dzulodzuloli. Ine ndinavala malaya abwino, ndinanyamula dengu la zipatso, ndinakhala pansi pamaso pa a Meja kupempha malo amenewa chifukwa cha mwana wa mng'ono wanga. Ndinapereka mawu anga. Mwanayu akapita kwina, nkhope yanga ndiika pati m'tauni muno?"

"Muiike pamene mwanayu aike yake, akamachitiridwa saluti ndi ana asukulu."

"Koma inu!"

Khamphan anatembenukira kwa mlongo wake. Mawu amene anawasunga zaka zonsezo anatuluka mosavuta, ndipo zimenezo zinamupsetsanso mtima.

"Iwe sukudziwa chimene ukuchita chifukwa sindinakuuzepo. Chithunzi chija amayi anachipachika pakhoma, cha msilikali wawo, chinali chabodza. Zaka ziwiri zonse ndinkasambitsa agalu. Ndinkachapa zamkati za mkazi wa munthu. Ndinkayenda ndi mawondo pamaso pa ana amene ndikanatha kuwanyamula ndi dzanja limodzi. Ndinatulukamo sindingathe kuyang'ana munthu m'maso. Ukuganiza kuti ndinapita kukazizidwa kumapeto a dziko chifukwa chokonda chipale?"

Anadikira kuti munsi uime. Sunaime.

"Agalu atatu," anatero Lamduan. "Awiri oyera, mmodzi wabulauni."

Anapitiriza akusinjabe.

"Amayi anakuonani okha. Anapita kutauni kukagula ulusi, n'kukuonani mumsewu wa kumsika mutagwira zingwe zitatu, agalu akukukokani uku ndi uku. Anabisala kuseri kwa wogulitsa nsalu kuti musachite manyazi. Atafika kunyumba anasamba, anapita kukachisi kukayatsa zofukiza, kuthokoza kuti mwana wawo sali kumalire. Mudzi wonse unkadziwa, achimwene. Amene simunkadziwa kuti tikudziwa ndinu nokha."

"Anathokoza," anatero Khamphan.

"Anathokoza, eya."

"Anandiona ndikukokedwa ndi agalu, n'kupita kukathokoza! Ndipo chithunzi chija anapitiriza kuonetsa anthu ogula mazira, anthu odziwa kale!"

"Nanga mumafuna achichotse? Munabwerako ndi miyendo iwiri. Chaka chomwecho mwana wa a Thongbai a m'mudzi mwathu anabwera m'bokosi lokutidwa mbendera, ndipo mayi ake sanaloledwe kutsegula. Pitani mukawafunse ngati akanakana agalu."

"Ndiye poti wina anafa, otsala tonse tizikwawa ndi kuthokoza? Mtima umenewo ndi umene ukudyetsa atambala a Meja. Safuna n'kuba komwe ana athu, timakawatula tokha ndi dengu la zipatso pamwamba!"

Apa munsi unaima. Lamduan anapukuta manja pa nsalu yake, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Ana athu," anatero. "Ana athu ati? Inu muli ndi mwana muno? Mwana ameneyu ndinabereka ndekha, bambo ake ndinaika ndekha. Amayi anadwala zaka zinayi, ndinkawatembenuza ndekha, inu mukutumiza mavitamini a zilembo zosawerengeka. Anamwalira akufunsa ngati ndege yafika. Pano ine ndili ndi shuga, diso ili likuona utsi, kuchipatala amandinyamula ndi Ton pa njinga yamoto. Mvula ikagwa wolima ndi Ton. Pampu ikafa ndi Ton. Ndapeza njira yoti boma limutenge koma ndizimuonabe Loweruka, inu mwatsika ndege ndi ulemu wanu wa m'mabuku kudzandiuza kuti ndikugulitsa mwana. Ulemu umenewo udzandinyamula kupita kuchipatala?"

"Kumadzi sakafa, Lamduan. Ndi chaka chimodzi."

"Inunso munati chaka chimodzi."

Khamphan ankafuna kunena kuti zimenezo n'zosiyana, kuti munthu akhoza kulakwa pa chinthu china n'kukhoza pa china, kuti kusakhalapo kwake sikusandutsa khola la nkhuku kukhala usilikali. Zonsezo zinali zoona. Koma pamphasa pamenepo, pakati pa makoko a mango ndi amayi otchera khutu, zinkamveka ngati mawu a munthu wa nsapato zachikopa.

Chimkuzamawu cha m'holo chinakhosomola.

"Wodzipereka wina! Asilikali apamadzi! Thanakon Sibunrueang, mudzi wachisanu ndi chiwiri!"

Holo yonse inaphulika. Anyamata a pansi anawomba m'manja ndi kuimba mluzu, amayi a kuseri kwa chingwe analulutira, chifukwa wodzipereka aliyense amachotsa khadi limodzi lofiira m'chitini cha masana. Agogo ena osadziwika anakweza manja kudalitsa mwana wa eni ake amene wapulumutsa mdzukulu wawo. Pamalo ponsepo, mphasa imodzi yokha ndi imene inali chete.

Dzinalo linali la Ton, la pa chitupa, limene pakhomo salitchula.

Sajeni anayang'ana ndodo ya nkhuku imene inali m'manja mwake ngati wina wamugwiritsa. Kenako anaiponya pansi.

"Mwaona? Mwaona zimene mwachita? Ndikanene chiyani kwa a Meja? Kuti mwana wa mng'ono wanga wasanduka bakha?"

"Mukawauze kuti atambala awo asambe okha," anatero Khamphan.

"Mukawauze ndinu! Mukawauze m'chizungu chanucho!" Sajeni anatulutsa makiyi m'thumba. "Ine mtundu wa nsomba sindinyamula m'galimoto mwanga. Mubwerere pa sitima yapamadzi."

Anapita akutukwana, anthu akumupatukira.

Patapita nthawi Ton anatuluka, malaya ali paphewa. Sanapite kwa malume ake. Anagwada pamphasa patsogolo pa mayi ake, anaphatikiza manja, n'kuweramitsa mutu mpaka pa mawondo awo. Lamduan sanamukhudze. Ankayang'ana pamwamba pa mutu wake, kumene ogulitsa madzi oundana ankakangana ndi wapolisi.

"Amayi."

"Wadya?"

"Ayi."

"Idya. Kumeneko mpunga womata kulibe, amadya wa phalaphala ngati odwala."

Anamukankhira mbale. Kwa Khamphan sanakankhireko kanthu. Iye anadzikoka pafupi ndi mnyamatayo, mkwiyo wake tsopano utasakanikirana ndi kunyada, n'kumugwira paphewa.

"Wachita chamuna, mphwanga. Udzayenda mutu uli m'mwamba."

Ton anatafuna kaye, n'kumeza.

"Malume, musandipachike pakhoma. Bambo wa zoyera uja wandiuza kale kuti kumadzi nakonso amakolopa. Akuti sitima mwina ndidzaiona patali. Mwinanso kumeneko kuli bwana wake wa atambala, sindikudziwa." Anatenga mpunga wina n'kuuumba m'manja. "Kungoti kumeneko msewu wa kumsika kwathu sudutsako. Ndikakolopa, ndikolopa pakati pa anthu osandidziwa. Amayi sadzachita kubisala kuseri kwa wogulitsa nsalu."

Khamphan anachotsa dzanja paphewapo.

"Iwenso ukuidziwa nkhani imeneyo?"

"Aliyense amaidziwa. Kusukulu ankati ndine mphwake wa Jenerale wa Agalu."

Mayi wina wa pamphasa yoyandikana anatsamwa ndi mango. Khamphan anaimirira, anakhalanso pansi. Zaka makumi atatu ananyamula chinthucho ngati khala lamoto m'thumba, kuchibisa kwa mkazi amene anakwatira ndi kusiyana naye, kwa anzake a pa basi, kwa amayi ake pa foni, osadziwa kuti kwawo ana osabadwa n'komwe pa nthawiyo ankachisewera ngati mpira.

M'holo anayamba kukonza chitini cha masana. Anthu anayamba kusunthira kuchingwe, ena akuyeserera kale kukuwa kuti lakuda, lakuda. Lamduan anatsuka kamtondo ndi madzi a m'botolo n'kukavundikira m'dengu.

"Chabwino," anatero, osayang'ana aliyense. "Wapita kumadzi. Mwapambana, achimwene. Tsiku langa la kuchipatala ndi Lachinayi loyamba la mwezi. Mbewu ya mpunga timafesa mvula yoyamba ikagwa. Pampu imafuna kuithira madzi kukamwa isanalire, apo ayi imapsa. Abakha amatsekeredwa dzuwa lisanalowe chifukwa cha agalu a kwa aneba, koma za agalu sindingakuphunzitseni."

"Ukunena chiyani?"

"Mwazula mzati wa nyumba yanga. Muimepo."

"Ine ndili ndi ntchito, Lamduan. Ndili ndi tikiti yobwerera."

"Tikiti amasintha. Basi ya azungu ipeza woyendetsa wina, kumene mukuchokera zinthu zimayenda bwino."

"Chaka chathunthu? M'ng'anjo muno? Ine sindinagwire khasu chichokereni! Iwe sungangogamula moyo wa munthu wamkulu pamphasa, ngati, ngati..." Anafunafuna mawu. "Uku n'kukakamiza. N'chimodzimodzi ndi zimene zikuchitika m'holomu!"

"Palibe akukukakamizani, malume," anatero Ton, akunyambita zala. "Mukhoza kungodzipereka nokha."

Khamphan anamuyang'ana mnyamatayo, anayang'ana mlongo wake. Diso lakumanzere la Lamduan linalidi ndi kamtambo koyera pakati, ndipo iye anakhala m'nyumba mwake masabata awiri akudandaula za mitengo ya bwemba osakaona. Mkwiyo wake sunathe. Anakwiyira Meja amene sanamuonepo, anakwiyira Sajeni ndi dengu lake la zipatso, anakwiyira amayi ake ndi zofukiza zawo, ndipo anakwiyira mkazi uyu amene analakwa pa nkhani ya atambala koma n'kumukola iye pa nkhani ina yonse. M'holo mnyamata woyamba anapisa dzanja m'chitini, chimkuzamawu chinati lofiira, ndipo panja mayi wina anagwa ngati thumba.

"Lachinayilo," anatero Khamphan, mano atalumana, "timanyamuka nthawi yanji?"

"Kusanatenthe," anatero Lamduan, n'kumupatsa dengu kuti anyamule. "Ndipo njingayo mabuleki akutsogolo sagwira. Mukandigwetsa, musadzanene kuti sindinakuuzeni."